Wilibala ya Amayi ndi Mabuloko a Kumwezi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha fumbi. Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa ngati tomato wamadzulo, azibambo n'kumabwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, ovololo ili m'pepala. Atate anga anali m'gulu loyamba kuchotsedwa kukampani ya mabasi. Tsiku limenelo anakhala pampando pakhonde la nyumba yathu ku Chawama, ndipo kunena zoona sanadzukeponso mpaka imfa inawapeza. Amene anadzuka ndi amayi. Anagula nyundo n'kupita kumiyala ya ku Misisi.

Amene sanakhalepo mu Lusaka sadziwa kuti mzinda uno unakhala pathanthwe. Azibambo ankawotcha matayala akale pathanthwepo kuti ling'ambike, n'kuligumula ndi zitsulo zazitali. Azimayi ankagula zibuluma zimenezo n'kukhala pansi kumaziphwanya. Mwala ankauika m'kati mwa mkombero wa labala kuti usathawe, kenako nyundo, kuyambira m'mawa mpaka mikono itakana. Miyala yophwanyidwa inkagulidwa ndi omanga nyumba. Fumbi lotsala pansi linalibe mwini, moti ankalipereka ngati basela. Ine nditamaliza sukulu, satifiketi yanga inagona m'sutikesi, ndipo ndinakhala pambali pa amayi zaka ziwiri ndikuphwanya nawo miyala.

Tsiku lina kunabwera vaneti yoyera. Munatsika bambo wamfupi wa magalasi, dzina lawo ba Mulenga, n'kunena kuti sakufuna miyala, akufuna fumbi. Azimayi anaseka mpaka kugwetsa nyundo. Iwo sanaseke. Anafunsa ngati pali munthu amene angalekanitse fumbilo patatu: lokhakhala, lapakati ndi losalala ngati ufa. Ndinatenga sefa ya amayi ndi kansalu ka neti, n'kuwaunjikira timilu titatu pasaka. Anatifikisa ndi zala, kenako anandiyang'ana.

"Ndiwe ndani zina?"

"Ndine Enelesi."

"Enelesi, ubwele pa Mande ku Indasitiriyo. Ubwele na sefa yako."

Malo a ntchito, kudera la mafakitale limenelo, anali shedi ya fakitale ina imene inali itatsekedwa, makina ake atagulitsidwa kale ngati zitsulo zakutha. Ba Mulenga anali injiniya wa kumigodi, nawonso wochotsedwa ntchito. Anali ndi anzawo kusukulu ina yaukachenjede kunja kwa dziko, amene ankafuna kudziwa ngati munthu angaumbe mabuloko popanda simenti komanso popanda madzi. Nditafunsa kuti wamisala ndani amene angafune zimenezo, anandilozera kumwamba.

"Kumwezi kulibe manzi, kulibe simenti, kulibe shopu. Thumba imozi ya simenti kuti ifike kuja, ungagulise Chawama yonse, ndalama sizingakwane. So munthu akayenda kuja, afunika kumanga na vamene apeza pansi. Doti yakuja ili monga fumbi ya bamai bako, na sulufule ilimo mukati."

"Nanga ise ku Chawama timanga na chani?" ndinatero. "Si vamene tapeza pansi?"

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Kuyambira pamenepo ndinawakonda bambo amenewa, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti sindinathe kudana nawo bwinobwino.

Sulufule ndinkangomumva kutchalitchi polalikira za Gehena. Kumeneko ndinamuona ndi maso: zibuluma zachikasu zochokera kumigodi, zonunkha ngati machesi. Ntchito inkayenda chonchi. Ine ndinkasefa fumbi patatu paja n'kulisakaniza mwa muyezo umene ba Mulenga analemba pakhoma ndi choko. Kenako ndinkalikazinga pachitsulo chachikulu chophwatalala, makala ali pansi, ndikulitembenuza ndi fosholo mpaka litauma gwa ndi kutentha. Nthawi yomweyo a Lazalo, bambo wachikulire amene ankasonkha moto, ankasungunula sulufule m'theka la diramu. M'diramumo munkapachikidwa choyezera kutentha, ndipo singano yake inkayenera kukhala pakati pa mizere iwiri yofiira. Ikatsika, sulufule ankauma. Ikakwera, ankada n'kulimba ngati phula, ndipo akapitirira pamenepo ankayaka ndi lawi labuluu losaoneka bwino masana, utsi wake wotsamwitsa. Zonse zikakhala bwino ndinkathira fumbi lotentha lija m'diramumo, fosholo imodzi imodzi, a Lazalo akuvundula ndi chitsulo chonga mthiko. Phalalo tinkalithira m'zikombole zachitsulo zopaka oyilo n'kulitsindira ndi ndodo. Pakatha ola limodzi buloko inkatuluka yolimba. M'mawa mwake tinkaiika pansi pa jeke ya lole n'kumaipanikiza mpaka itasweka, ba Mulenga akulemba.

Lamulo lalikulu linali limodzi: madzi asayandikire diramu. Kwa munthu wa m'komboni lamulo limeneli linali lachilendo, chifukwa kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti buloko yatsopano imathiriridwa m'mawa uliwonse. Ba Mulenga anandionetsa kamodzi kokha. Anadonthezera madzi pang'ono musupuni ya sulufule wosungunuka, ndipo anathetheka mpaka kudenga. Kenako anandiphunzitsa kuyesa mulu. Pamwamba pa mulu pamanama, chifukwa mphepo imapaumitsa. Umapinda malaya n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Ukamva kuzizira, mulu uli ndi madzi. Ndipo kaya wamva kuzizira kaya sunamve, fumbi losakazinga sililowa m'diramu.

Munthu wachinayi pamalopo anali ba Chanda, mlongo wa akazi a ba Mulenga. Ankatchedwa manijala. Sindinawaonepo atagwira fosholo, koma makiyi onse ankalira m'thumba mwawo. Ankavala jekete ya salaula, ya pakaunjika, imene ankailumbirira kuti anaigula m'sitolo.

Ine ndi a Lazalo tinali aganyu, opanda pepala lililonse. Koma ba Mulenga anatiuza kuti anzawo akunja aja akubwera mu Ogasiti kudzaona ntchito. Akakhutira, ntchito idzakula, ndipo ine ndidzakhala woyamba kulembedwa ntchito yokhazikika. Ndinathamangira kukauza amayi. Nthawi imeneyo iwo ndi anzawo asanu anali atayamba kugulitsa fumbi kushedi kwathu, vaneti inkabwera kudzalitenga kawiri pamlungu n'kulifunda tenti. Ndinawapeza atakhala pamalo awo, kumaso kuli mbuu.

"Amai, nikalembewa nchito, nyundo iyi muzaipachika. Simuzakhalanso pa miyala."

"Tiona, mwananga," anatero, osasiya kumenya. Koma madzulo ndinawamva akuuza mnzawo kuti mwana wawo akumanga nyumba za kumwezi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, ba Chanda anazungulira shedi yonse manja ali kumbuyo. Anaima pa mulu wathu wa fumbi n'kukwinya nkhope. Mulu unali utada ndi mwaye wa makala, monga mwa masiku onse.

"Ivi vadoti ndiye tizaonesa bazungu? Bazakopa mapikicha. Uuze bamai bako abwelese wilibala imozi ya fumbi yoyela mailo kuseni."

Ndinawakumbutsa kuti vaneti idzakhala itapita kuhotela kukatenga alendo. Anati wilibala ili ndi tayala. Ndinakapereka uthengawo kwa amayi monga ndinaulandirira. Ndinawauza kuti likhale loyera, lifike m'mawa. Sindinawauze kuti asaliwaze madzi. Miyezi isanu ndinkawafotokozera za mwezi, za sulufule, za jeke ya lole, koma chinthu chimodzi chimene chinali chofunika sindinachinene, chifukwa ndinkaganiza kuti zimenezo ndi nzeru zanga za kuntchito.

Aliyense wophwanya miyala amadziwa zimene mphepo ya mu Ogasiti imachita. Ukakankha wilibala ya fumbi louma kuchokera ku Misisi, kudutsa m'tauni mpaka ku Indasitiriyo, umafika ndi theka, lina lili m'maso mwa anthu. Ndiye mwambo wake ndi woti umathira fumbi pang'ono, kuwaza madzi ndi chitini choboola, kuthiranso, kuwazanso, mpaka wilibala itadzaza. Amayi anali ndi chitini chawo chakale cha mafuta ophikira, choboola ndi msomali. Ankawazanso nacho akamasefa kuti fumbi lisawalowe m'chifuwa.

Anafika cha m'ma naini, thukuta lili kamukamu, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Ankayembekeza kuti mwina aona alendo. Ba Chanda analandira wilibala pageti n'kuwauza kuti adikire kunja. Amayi anakaima kuseri kwa mpanda wa waya, pamalo pamene ankatha kuona m'shedi.

Wilibala inali yodzaza mpaka pamwamba, yoyera bwino. Nditangoona kudzaza kwakeko ndinakayikira. Ndinapinda malaya n'kulowetsa dzanja. M'kati munali mozizira ngati mumtsuko.

Ndinatembenuka kuti ndikalikazinge, koma pansi pa chitsulo chokazingira panalibe moto. Ba Chanda anali atauza a Lazalo kuti auzimitse, ati utsi udetsa nsalu zoyera zimene anayala pamatebulo. Moto unatsala pansi pa diramu pokha. Ndipo nthawi yomweyo vaneti inalowa pageti, alendo afika msanga: bambo wamtali wa ndevu ndi mayi wonyamula kamera. Ba Mulenga anawatengera mu ofesi.

"Ba Chanda, fumbi iyi ili na manzi. Nifunika awala imozi nikazinge."

"Awala imozi? Ufuna bazungu baimilile pa zuba chifukwa cha iwe? Ona, yauma iyi." Anatapa pamwamba ndi zala ziwiri n'kuuzira. "Fumbi ni fumbi. Osanichitisa manyazi, iwe."

Ofesi inali pafupi, masitepe makumi awiri okha. Ndikanatha kugogoda n'kuwauza ba Mulenga. Ndinayang'ana jombo zanga zafumbi, ndinayang'ana chitseko chotseka, ndinamva alendo akuseka m'katimo. Ndinaganiza za pepala langa la ntchito, ndi mmene ba Chanda angalitchingire ndikawadumpha pamaso pa alendo. Ndinadzinamiza kuti ndizitapa pamwamba pokha, pamene pauma. Ichi ndicho chimene sindinadzikhululukire mpaka lero: ndinkadziwa.

Alendo anatuluka n'kuima mozungulira diramu. Ba Mulenga ankafotokoza m'Chingerezi, nkhope ikuwala, kuti tsiku lina anthu adzamanga motere kumwezi pogwiritsa ntchito dothi lakomweko. Anandikodola kuti ndiyambe. Fosholo yoyamba inalowa bwino. Yachiwiri chimodzimodzi. Mayi wa kamera anandipempha kuti nditape yodzaza kuti chithunzi chikome, ba Chanda n'kundigwedezera mutu. Fosholo yachitatu inalowa pakati pa wilibala.

Diramu inalira ngati mafuta amene agweramo madzi, koma mokweza kwambiri. Thovu lachikasu linakwera kamodzi n'kamodzi n'kulavula. Ndinatchinga kumaso ndi dzanja lamanja, ndipo sulufule anandimata kuyambira pachikhatho mpaka m'chigongono. Madzi otentha amakuwotcha n'kutsika. Sulufule amakakamira n'kuumira pakhungu pomwepo, akupitiriza kudya. Sulufule wina anasefukira pamakala n'kuyaka, utsi unadzaza shedi, alendo anathawira panja akutsokomola. A Lazalo okha ndi amene sanathawe: anavundikira diramu ndi chitsulo n'kukwirira motowo ndi mchenga. Mayi wa kamera uja anabwerera n'kunditsanulira madzi a m'botolo lake padzanja. Kupatula madontho a musupuni aja, aka kanali koyamba kuti madzi aloledwe m'shedi imeneyo.

Akundikweza m'vaneti kupita kuchipatala, ndinaona amayi atagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri. Sankalira. Ankayang'ana wilibala yawo, imene inali itakumbika pakati, m'kati mwake mukuoneka fumbi lakuda ndi chinyezi.

Patatha masiku anayi ndinabwerera kuntchito dzanja lili m'bandeji. Ba Mulenga anandiitanira mu ofesi ija, imene ndinaopa kulowamo pamene kunali kofunika. Ba Chanda anali ataima pawindo. A Lazalo anali pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Enelesi, nifunika kulemba lipoti. Chinachitika ni chani?"

Ndinanena kuti ba Chanda anazimitsa moto wokazingira, ndipo anakana nditawapempha ola limodzi.

"Ine? Unaniuza liti?" anatero ba Chanda. "Lazalo, unamvela?"

A Lazalo anayang'ana nsapato zawo. Anali ndi ana asanu ndi mmodzi. Sindiwaimba mlandu, ngakhale kuti kuyambira tsiku limenelo sindinawapatsenso moni.

Ba Mulenga anavula magalasi n'kutikita maso. Sanali munthu wopusa. Ankamudziwa mlamu wawo kuposa ine. Koma mlamu ndi wa kunyumba, ndipo lipoti linkafuna dzina la munthu mmodzi, kuti akunja aja aone kuti njira yopangira mabuloko ilibe vuto, amene analakwa ndi wantchito. Anasiya za moto n'kufunsa funso lina.

"Manje manzi mu fumbi anathila ni ndani? Ngati ni bazimai baku Misisi, niuze. Tizaleka kugula kuli beve."

Ndikanati ndi amayi, mwina pepala langa likanapulumuka. Koma azimayi asanu ndi mmodzi akanataya msika wawo wokhawo wa fumbi, ndipo Misisi yense akanadziwa kuti mayi uja anawotcha mwana wake. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Kwa ife zinatembenuka, ndipo ndinaona kuti kuli bwino zindipote ine.

"Ndine. Ninawaza kuti isauluke pa matebulo."

"Iwe, Enelesi? Iwe wamene ninaphunzisa?"

"Ndine."

Ndikhulupirira kuti ba Mulenga ankadziwa kuti ndikunama, ndipo ndikhulupirira kuti bodzalo linawapeputsa mtima. Analemba. Waganyu sachotsedwa ndi kalata, amangouzidwa kuti Lolemba asabwere.

Chimene ndinagula ndi ntchito yanga chinali miyezi itatu basi. Vaneti inabwera ku Misisi miyezi itatu, kenako inasiya. Mlendo ndi mame: akunja aja anati ntchitoyo akaipitiriza kwawo, ndipo shedi inasanduka mosungiramo mabelo a salaula. Ndinamva kuti pochoka ananyamula mabuloko atatu amene jeke inalephera kuwaswa. Onse atatu ndinaumba ndine. Mabuloko anga anakwera ndege, ine ndinabwerera kumiyala, kukakhala pambali pa amayi ndi dzanja losatha kukweza nyundo.

Amayi sanandifunse chilichonse, ngakhale kamodzi. Ndinawauza kuti diramu inatentha kwambiri, iwo n'kungoti, "Oho." Ndinkaganiza kuti bodza langa lagwira. Kenako ndinazindikira kuti chitini choboola chija sichikuonekanso. Amayi ankasefa fumbi louma, ankapakira louma, mtambo woyera ukuwazungulira mutu tsiku lonse. Anzawo ankawakalipira kuti adzipha. Iwo ankayankha kuti madzi adula masiku ano, chonsecho chitsime chinali pomwepo, chaulere. Ndinawagulira chitini china, ndinachiboola ndekha. M'mawa mwake ndinachipeza atadzalamo anyezi.

Chifuwa chinayamba m'chaka chachiwiri. Ine sindine dokotala, ndipo azimayi ambiri a kumiyala amatsokomola, owaza ndi osawaza omwe. Ndingonena zimene ndinaona. Nyundo sanaipachike chifukwa cha pepala langa, anaisiya chifukwa mpweya unawathera. Masana ena, atagona pamphasa kuseri kwa nyumba, anagwira dzanja langa n'kuyendetsa chala chawo pachipsera chonse, kuyambira pachikhatho mpaka m'chigongono.

"Ndinkafuna ifike yodzaza, mwananga," anatero. "Kuti usachite manyazi pamaso pa alendo."

Zaka zinayi tinali titakhala moyandikana pamiyala, aliyense akubisira mnzake chinthu chomwecho. Anamwalira mvula isanayambe.

Lero ndimaumba mabuloko a simenti ku Kanyama, ndipo ndimawathirira madzi m'mawa uliwonse monga munthu aliyense wanzeru zake. Nthawi zina pawailesi amanena kuti anthu ali pafupi kukamanga kumwezi ndi dothi lakomweko. Sindiseka, chifukwa ndikudziwa kuti n'zotheka, ndinaziumba ndi manja anga. Ndimangofunsa kuti kumeneko adzaphwanya miyala ndani, ndipo diramu ikadzalavula, lipoti lidzafuna dzina la yani. Anthu amene amati timange ndi zimene tapeza pansi, nafenso anatipeza pansi, anatigwiritsa ntchito, n'kutisiya pomwepo.

Kwa antchito anga awiri ndimanena zinthu ziwiri. Choyamba, zimene ukudziwa uza munthu amene akukubweretsera katundu, ngakhale akhale mayi ako, usaganize kuti nzeru za ntchito ndi zako wekha. Chachiwiri, dzanja likamva kuzizira, gogoda pa ofesi, kaya jombo zako zili ndi matope, kaya m'katimo muli alendo ochokera kuti. Ndipo wilibala ikafika yodzaza mpaka pamwamba kunja kukuomba mphepo, sindifulumira kuyamika. Ndimapinda kaye malaya. Dzanja limene ndimalowetsa ndi lomwe lija lachipsera.